Madigiri Angati Ndiwo Oyenera pa Kompyuta ya Magemu?

Munthu akagula kompyuta yosewerera magemu, makamaka ngati zipangizo zake wazilumikiza yekha, sipatenga nthawi asanayambe kuda nkhawa ndi kutentha. Amaika pulogalamu yoyezera, n'kutsegula gemu, ndipo pakona ya sikirini pamaoneka 84, kenako 88, mwina mpaka 95. Akafunsa anzake kuti madigiri oyenera ndi angati, mayankho sachedwa. Wina amati chilichonse chodutsa 70 n'choopsa, wina amati malire ndi 80, wina amati bola ngati siikuzima yokha. Onsewa amayankha ngati kuti pali nambala imodzi ya makompyuta onse, pomwe nambala yotereyo kulibe. Madigiri 95 pa purosesa ina ndi mmene inapangidwira kuti izigwirira ntchito, pa ina ndi chizindikiro choti penapake pasokonekera. Kuti munthu asiyanitse ziwirizi ayenera kudziwa mawu angapo amene opanga zipangizozi amagwiritsa ntchito, ndi malo enieni amene mawu aliwonse akuloza.

Poyambira pake ndi kusiyana kwa mawati ndi madigiri, poti chisokonezo chambiri chimabadwira pamenepa. Magetsi onse amene purosesa imadya amathera m'kutentha. Siyendetsa gudumu, sinyamula katundu, ndiye ikadya mawati 150, mawati 150 omwewo amatuluka ali kutentha koyenera kuchotsedwa. Mawati amanena kuchuluka kwa kutentha kumene kukupangidwa pa sekondi iliyonse. Madigiri, amene pankhani za makompyuta amakhala a Celsius, amanena mmene kutenthako kwathinana pamalo amodzi kusanapeze potulukira. Khala limodzi la pambaula limakuwotchani chala nthawi yomweyo koma silingafunditse chipinda, pomwe mgolo wodzadza madzi ofunda suwotcha munthu, chikhalirecho uli ndi kutentha kochuluka kuposa khalalo.

Taonani zipangizo ziwiri zimene zinatuluka chaka chimodzi, mu 2022. Khadi la zithunzi la GeForce RTX 4090 limatha kudya mawati 450, koma pa gemu nthawi zambiri limakhala m'madigiri a m'ma 60 kapena 70. Purosesa ya Ryzen 7 7700X malire ake ndi mawati 142 okha, koma mukaisenzetsa ntchito yolemera imathamangira ku 95 m'masekondi ochepa. Nkhani yagona pa kukula kwa malo. Kachidutswa ka silikoni kamene kali pamtima pa RTX 4090, kamene amakatcha die, kamadutsa masikweya milimita 600 ndipo kamakhudzana mwachindunji ndi chitsulo choziziritsira. Ma core 8 a Ryzen ija, timagawo timene timagwira ntchito yowerengera, anapanikizidwa pa die ya masikweya milimita pafupifupi 70, ndipo pamwamba pake pali chivundikiro chokhuthala chachitsulo, chotchedwa IHS, chimene kutentha kuyenera kudutsa kaye. Mukakhudza heatsink, chitsulo choziziritsira chija, purosesa yotere ili pa 95 mumapeza ikungofunda, ndipo ena amayamba kukayikira kuti sensa ikunama. Siikunama ayi. Kutenthako si kochuluka kwambiri, koma khomo lake lotulukira ndi laling'ono.

Pa bokosi la purosesa pamakhala zilembo za TDP ndi nambala ya mawati pambali pake. Ambiri amaiwerenga ngati magetsi onse amene purosesayo ingadye, koma TDP ndi chitsogozo chabe kwa opanga zoziziritsira, ndipo kampani iliyonse imaiwerengera mwa njira yake. Ryzen 9 7950X ili ndi TDP ya mawati 170, koma malire ake enieni, amene AMD imawatcha PPT, ndi 230. Intel inayamba kulemba nambala ziwiri mu 2021, ndipo pa Core i9-13900K mupeza 125 ngati Processor Base Power ndi 253 ngati Maximum Turbo Power. Pogula choziziritsira yang'anani nambala yachiwiriyo. Pa makhadi a zithunzi mupeza TGP kapena TBP, zimene zimawerengera khadi lonse, osati die yokha.

Tifike pa madigiri enieniwo. Chilembo cha j chimene mumachiona pa Tj ndi Tjmax chikuimira junction, pamene mitundu iwiri ya silikoni imakumana mkati mwa transista. Tj ndi kutentha kwa mkati mwa die, ndipo Tjmax ndi malire amene wopanga anaika, pamene purosesa ikafika imayamba kudziteteza. Iyi ndiyo nambala yoyamba kuifufuza, ndipo siyobisika, poti Intel ndi AMD amailemba pa tsamba la purosesa iliyonse pa intaneti. Mapurosesa ambiri a Intel Core a m'badwo wa 12, 13 ndi 14 ali ndi 100, ndipo Core Ultra 9 285K ya 2024 ili ndi 105. Kwa AMD kuli kusinthasintha. Ryzen 7 5800X ili ndi 90, Ryzen 5 5600X ili ndi 95, ma Ryzen 7000 wamba ali ndi 95, koma Ryzen 7 7800X3D, imene osewera magemu amaikonda kwambiri, ili ndi 89. Iyoyi ili ndi cache yowonjezera, memory yofulumira ya mkati mwa purosesa, imene anaisanjika pamwamba pa die, moti kutentha kumavutika kutuluka. Pa 9800X3D ya 2024 AMD inatembenuza dongosololi, cache n'kupita pansi, ma core n'kukhala pamwamba pafupi ndi choziziritsira, ndipo malire anabwerera pa 95. Ndiye 88 pa 7800X3D ndi pakhomo penipeni pa malire, pomwe 88 yomweyo pa Core i7-13700K yatsala ndi madigiri 12.

Nanga mantha a 70 aja anachokera kuti? Ine ndimaganiza kuti mbali ina anachokera ku Tcase. Kwa zaka zambiri Intel inkalemba nambala imeneyi pa masamba a mapurosesa ake, ndipo inkakhala m'ma 60 kapena 70. Core i5-2500K ya 2011 inali ndi 72.6. Koma Tcase ndi kutentha kwa pakati pa chivundikiro chija, kunja kwake, ndipo imayezedwa m'labotale ndi kawaya kolowetsedwa m'chitsulocho. Pulogalamu ya pakompyuta yanu siingaione. Anthu ankatenga nambala ya kunja kwa chivundikiro n'kumaiyerekeza ndi nambala ya mkati mwa die imene pulogalamu ikuonetsa, ndipo mantha anafalikira kuchokera pamenepo mpaka lero.

Masensa nawonso ali ndi khalidwe lawo. A Intel sanena kuti pano pali madigiri akutiakuti. Amanena kuti kwatsala madigiri angati kuti Tjmax ikwane, ndipo pulogalamu ndiyo imachotsera kuti ikupatseni nambala yozolowereka. Anapangidwa kuti azilondola kwambiri pafupi ndi malire, kotero nambala zimene amapereka kompyuta ikangokhala osachita kanthu si zoti munthu azikangana nazo. Kwa AMD mupeza Tctl ndi Tdie. Tdie ndi kutentha kwenikweni, pomwe Tctl ndi nambala yolamulira mafani. Pa Ryzen 7 1700X ndi 1800X za 2017, Tctl inkawonjezera dala madigiri 20 kuti mafani aziyamba msanga kuthamanga, ndipo anthu ena anagula zoziziritsira zodula pofuna kuthana ndi madigiri amene kunalibe. Pa ma Ryzen a masiku ano nambala ziwirizi zimafanana, n'chifukwa chake mumaziona pa mzere umodzi.

Chimene chimachitika purosesa ikafika pa Tjmax chimatchedwa throttling: imatsitsa liwiro lake ndi volteji yake mpaka kutentha kusiye kukwera. Ngati zimenezi sizinathandize, monga pamene pampu ya choziziritsira cha madzi yafa, pali malire ena apamwamba pamene kompyuta imangothima yokha osakufunsani. Kale sizinali choncho kwa onse. Mu 2001 a Tom's Hardware anajambula kanema amene anthu okonda makompyuta amamukumbukirabe. Anatsegula gemu ya Quake III Arena n'kuchotsa heatsink gemuyo ili mkati. Pentium 4 inangochepetsa liwiro, zithunzi n'kumayenda mwaulesi. Pentium III inaima. Athlon ya AMD inafuka utsi n'kufa pomwepo. Malangizo ambiri amene akuyendabe pakamwa pa anthu anabadwa m'nthawi imeneyo, pamene kutentha kunkathadi kupha purosesa m'kanthawi kochepa. Purosesa iliyonse yogulitsidwa lero imadziteteza, ndipo kuiwotcha ndi kutentha kokha n'kovuta zedi.

Chimene chinasintha kwambiri tanthauzo la madigiri ndi boost. Purosesa ya masiku ano ilibe liwiro limodzi. Mosalekeza imayang'ana zinthu zitatu, mawati, mphamvu ya magetsi odutsa, ndi kutentha, ndipo ikaona kuti pa zonsezi patsala mpata imakwezabe liwiro mpaka igunde chimodzi mwa izo. Madigiri otsala isanafike pa Tjmax imawaona ngati chuma choti igwiritse ntchito. AMD itatulutsa Ryzen 7000 inanena poyera kuti mapurosesawa anapangidwa kuti azifika pa 95 akapatsidwa ntchito yolemera, ndipo akhoza kukhala pamenepo tsiku lonse. Munthu akachotsa choziziritsira chapakatikati pa 7950X n'kuikapo chachikulu cha madzi, amatha kupeza kuti nambala ikadali 95 n'kugwa mphwayi. Ndalama zake sizinapite pachabe. Zalowa m'liwiro, poti purosesayo tsopano ikuthamanga kwambiri pa madigiri omwewo. Pa zipangizo zotere nambala ya kutentha payokha siikuuzani ngati choziziritsira chili bwino. Muyenera kuiwerenga pamodzi ndi liwiro ndi mawati.

Makhadi ambiri a zithunzi ali ndi nambala zitatu, ndipo apa m'pamene ndimafuna anthu akanamakhalitsa. Yoyamba, imene mapulogalamu ambiri amaonetsa, imangolembedwa kuti GPU temperature, ndipo AMD imaitcha edge. NVIDIA imalemba malire ake: 93 pa RTX 3060 ndi RTX 3080, 90 pa RTX 4060 ndi RTX 4090. Komabe makhadi ambiri a kampaniyi amabwera atawaikira cholinga cha 83 kapena 84, ndipo akafika pamenepo amayamba kudzibweza. Ngakhale asanafike, GPU Boost, imene inayamba ndi GTX 680 mu 2012 n'kuyamba kuganiziranso kutentha chaka chotsatira, imachotsa ma megahertz pang'onopang'ono kutentha kukamakwera. Ndiye khadi lozizira limathamangadi kuposa lotentha, ngakhale kusiyanako kumakhala kochepa, kosati mungakuone ndi maso pa gemu.

Yachiwiri ndi hotspot, imene AMD imaitchanso junction temperature. Die yaikulu siitentha mofanana paliponse, ndiye opanga amamwazamo masensa ambiri, ndipo hotspot ndi nambala ya sensa imene yatentha kuposa zonse pa mphindi imeneyo. AMD inayamba kuionetsa poyera ndi Radeon VII mu 2019, imene inali ndi masensa 64. Chaka chomwecho eni ake a RX 5700 XT atayamba kudandaula, kampaniyo inafotokoza kuti mpaka 110 pa junction ndi mkati mwa malire. Munthu wosadziwa izi akayerekeza 100 wa hotspot ya khadi lake ndi 72 wa edge ya khadi la mnzake amaganiza kuti anagula chinthu chowonongeka, pomwe akuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana.

Phindu lalikulu la hotspot lili pa mpata wa pakati pa iyo ndi edge. Amene amakonza makhadi amaona mpata wa madigiri 10 mpaka 15 ngati wabwinobwino, ndipo pa makhadi ena odya mawati ambiri 20 sadabwitsa. Mpatawo ukafika 25, 30 kapena kuposa, ndiye kuti mbali ina ya die siikukhudzana bwino ndi choziziritsira: kaya thermal paste yauma, kaya yathawira m'mbali, kaya zomangira sizinamangidwe mofanana. Mmenemu ndi mmene vuto la makhadi ena a RX 7900 XTX opangidwa ndi AMD yeniyeniyo linadziwikira kumapeto kwa 2022. Hotspot inkagunda 110 pomwe edge ili pansi kwambiri. Roman Hartung wa ku Germany, wodziwika ndi dzina loti der8auer, anayesa makhadi angapo powaimika ndi powagoneka, n'kuloza vapour chamber, kabokosi kafulati ka mkuwa kamene kamakhala ndi timadzi mkati. Mu January 2023 AMD inavomereza kuti gulu lina la makhadiwa linali ndi vutoli ndipo inawasintha. Akanakhala kuti anthu ankangoyang'ana nambala yoyamba ija, vutoli likanatenga nthawi kuti lioneke.

Yachitatu ndi memory junction, kutentha kwa tizidutswa ta memory tozungulira die. Nkhani yake inakula ndi GDDR6X ya kampani ya Micron, imene inabwera ndi RTX 3080 ndi RTX 3090 mu 2020. Pulogalamu ya HWiNFO itayamba kuonetsa nambalayi kumayambiriro kwa 2021, anthu anapeza memory ili pa 100 kapena kuposa pomwe die ili m'ma 60, ndipo pa 110 khadi limayamba throttling. RTX 3090 inkavutika kwambiri chifukwa theka la memory yake lili kumsana kwa khadi, kumene kulibe choziziritsira chenicheni. Izi zikutikhudza ife amene nthawi zambiri timagula makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito. Makhadi ambiri a m'badwo umenewo anakumba ndalama ya Ethereum usana ndi usiku mpaka September 2022, pamene kukumbako kunatha, ndipo ntchito imeneyo imalemetsa memory kuposa die. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti alumikize khadilo, mutsegule GPU-Z kapena HWiNFO, muyendetse gemu kwa mphindi 15 kapena 20, n'kuona nambala zonse zitatu ngati khadilo limazionetsa. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi. Memory ikatentha kwambiri, kawirikawiri chofunika ndi kusintha thermal pad, timapepala tofewa timene timakhala pakati pa memory ndi chitsulo, ndipo makulidwe ake ayenera kufanana ndendende ndi a akale, apo ayi die ndiyo imasiya kukhudzana ndi choziziritsira.

Tsono ngati purosesa siipsa pa 95, chimaikalambitsa n'chiyani? Sindikunena kuti kutentha kulibe mlandu. Mkati mwa die muli tinjira tachitsulo topyapyala kwambiri, ndipo magetsi akamadutsa amakankha maatomu a chitsulocho pang'ono ndi pang'ono mpaka kanjira kena kaduke. Izi zimatchedwa electromigration, ndipo James R. Black wa ku Motorola analemba masamu ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. M'masamuwo kutentha kulimo, komanso mulinso kuchuluka kwa magetsi odutsa, ndipo opanga amaika Tjmax atawerengera kale zonsezi kuti chipangizo chikhale zaka zambiri. Mavuto aakulu a zaka zaposachedwa anabwera pamene volteji inadutsa muyezo. Mu April 2023 mapurosesa ena a Ryzen 7000X3D anatupa n'kufa, ndipo AMD inathetsa vutoli ndi BIOS yatsopano, pulogalamu ya pa bolodi, yoletsa volteji ya mbali ya purosesa yotchedwa SoC kudutsa 1.3. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira volteji yokwera imene, pamodzi ndi kutentha, inkakalambitsa msanga mbali ina ya ma core. Inatulutsa microcode yatsopano, yofika kudzera mu BIOS, n'kuwonjezera zaka 2 pa waranti. Ambiri mwa eni ake anali ndi zoziziritsira zabwino ndithu. Kwa munthu amene ali ndi purosesa ya mibadwo imeneyi, kuika BIOS yatsopano n'kofunika kuposa kutsitsa madigiri 5.

Palinso kutentha n'kuzizira mobwerezabwereza. Silikoni, mkuwa, ndi bolodi zimafutukuka mosiyana zikatentha, ndiye timfundo ta solder tolumikiza zimenezi timakokedwa uku ndi uku mpaka kung'aluka. Vuto lotereli ndilo linapha ma Xbox 360 ambiri oyambirira, ndipo mu 2007 Microsoft inatalikitsa waranti kufika zaka 3 n'kupatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera. Kunja kwa die kulinso zinthu zimene sizichedwa kutopa ngati silikoni. Makapasita okhala ndi timadzi mkati moyo wawo umadulidwa pafupifupi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Mafani amatha mabering'i. VRM, gulu la tizipangizo tozungulira purosesa timene timatsitsa mavolti 12 kufika pafupifupi 1, imatentha kwambiri pa bolodi zotchipa ndipo imatha kuchititsa throttling purosesa ili yozizira. SSD zambiri za NVMe zinalembedwa kuti zizigwira ntchito mpaka 70. Bokosi lopanda mpweya wokwanira limazunza zonsezi mwakachetechete, mwini wake maso ali pa nambala ya purosesa.

Choziziritsira chilichonse, cha mpweya kapena cha madzi, sichipanga kuzizira. Chimangosamutsa kutentha kupita mumpweya wa m'chipinda, ndipo sichingatsitse chipangizo kufika pansi pa kutentha kwa mpweyawo. Kutentha kwa m'chipinda kumatchedwa ambient, ndipo kusiyana kwake ndi kutentha kwa chipangizo kumatchedwa delta T. Chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, chipangizo chodya mawati omwewo chimakweranso ndi pafupifupi digiri imodzi. Anthu amene amayesa zipangizo pa YouTube, ambiri a iwo ali ku America ndi ku Ulaya, amayesera m'zipinda za madigiri a m'ma 20 oyambirira. Ku Lilongwe masana a mu October amadutsa 30, ku Chikwawa ndi ku Nsanje amatha kudutsa 40, ndipo m'nyumba yamalata yopanda siling'i mumatentha kuposa panja. Khadi limene woyesa analipeza pa 70 likhoza kukhala pa 82 kapena 85 kwanu popanda vuto lililonse, ndipo mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu khadi lomwelo lingaoneke ngati latsopano. Poyerekeza ndi nambala za ena, kapena ndi zanu za miyezi yapita, chotsani kaye kutentha kwa m'chipinda. Delta T ikamakula chaka ndi chaka pa gemu yomweyo, pamenepo ndiye pali chofufuza.

Chofufuzacho chimakhala panjira imene kutentha kumadutsa. Kumachoka pa die, kudutsa solder kapena paste ya pansi pa chivundikiro, kulowa mu IHS, kudutsa thermal paste imene mumapaka nokha, n'kufika pa chitsulo cha choziziritsira. Ntchito ya paste ndi kudzaza timaenje tosaoneka ndi maso pakati pa zitsulo ziwiri kuti pasakhale mpweya, ndiye yochuluka siposa yokwanira. Kuchoka apo kumalowa mu heat pipe, mapaipi a mkuwa otsekedwa mbali zonse amene anawachotsa mpweya n'kuikamo timadzi pang'ono. Popanda mpweya madziwo amawira pa madigiri ochepa, nthunzi n'kuthamangira kumapeto kozizira, n'kusandukanso madzi, n'kubwerera kudzera m'khoma la mkati la paipiyo. Pomaliza pali timasamba ta aluminiyamu ndi fani.

Mukatsegula khadi limene lagwira ntchito zaka zingapo mumaona zinthu ziwiri. Pakati pa die, pamene pamafunika paste kwambiri, pamakhala pouma mbee, ndipo paste yonse yaunjikana m'mphepete, yolimba, yoti mukaikanda ndi chikhadabo imanyenyeka. Kumeneku amakutcha pump-out: kufutukuka ndi kubwerera kwa zitsulo kumaifinyira kunja tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ambiri tsopano akonda PTM7950 ya Honeywell, kapepala kamene kamasungunuka pa madigiri pafupifupi 45 n'kulimbanso kakazizira, ndipo sikathawa msanga. Chachiwiri chili kuseri kwa fani, pakamwa pa timasamba ta heatsink. Pamenepo fumbi, ubweya wa zovala ndi tsitsi zimalukana n'kupanga kansalu kotuwa kamene mungakanyamule konse ndi zala ziwiri. Kunja khadi limaoneka loyera, fani ikuzungulira mwaphokoso, koma mpweya sukudutsa. M'miyezi ya fumbi, kuyambira August mpaka mvula itagwa, kompyuta yokhala pansi pa simenti imameza fumbi lambiri kuposa ya patebulo. Poipemerera ndi blower gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyezo. Za liquid metal, imene ena amapaka m'malo mwa paste ndipo Sony inaika mu PlayStation 5, ndingonena kuti imadutsa magetsi ndipo gallium imene ili mmenemo imadya aluminiyamu. Si yoti munthu aphunzirirepo pa khadi limene analigula movutikira.

Kuwerenga pulogalamu yoyezera nakonso kumafuna luso. HWiNFO imaonetsa mizati inayi: Current, Minimum, Maximum ndi Average. Maso a munthu amathamangira pa Maximum, koma nambala imeneyo ikhoza kukhala ya kamphindi kamodzi pamene gemu inkatsegula, core imodzi n'kudumphira pa 90 n'kubwerera heatsink isanamve n'komwe. Yambitsaninso kuwerenga gemu itayamba kale, sewerani kwa theka la ola, kenako onani Average, onaninso mzere wa throttling ngati walemba Yes kapena No, ndi liwiro ngati lakhazikika kapena likugwa. Kumbukiraninso kuti ntchito zimasiyana. Cinebench ndi Prime95 zimadzaza ma core onse, FurMark imakama khadi mopitirira gemu iliyonse, ndipo nambala zake si za tsiku ndi tsiku. Mafani a khadi akaima kompyuta ili phee, khadi n'kukhala pa 45 kapena 50, musaope. Makhadi ambiri anapangidwa kuti mafani asazungulire mpaka m'ma 50 kapena 60.

Mukandikakamiza kuti nditchule nambala, ndinena motere, pokumbukira zonse zanenedwazi. Pa gemu, purosesa ya kompyuta ya patebulo ikamakhala pakati pa 60 ndi 80 ili bwino, ndipo m'ma 80 m'nyengo yotentha si zodetsa nkhawa. Ikamakakamira pa Tjmax pa gemu wamba, osati pa Cinebench, fufuzani, ndipo yambani n'kuona ngati kapulasitiki ka pansi pa choziziritsira chatsopano kanachotsedwa. Khadi la zithunzi likhale pansi pa 83 pa edge, hotspot isatalikirane nayo kwambiri, memory ikhale pansi pa 100. Laputopu ya magemu imakhala pamwamba pa zonsezi, m'ma 80 ndi 90 pa purosesa, chifukwa mulibe malo oikamo chitsulo chokwanira, ndipo chimene mungaichitire ndi kuikweza kumbuyo kuti izipuma ndi kusaiika pabedi.

Amene akufunabe kutsitsa madigiri, kaya chifukwa cha phokoso la mafani kapena chipinda chimene chikutentha, asayambe ndi kugula. Mawati amakwera mofulumira kuposa volteji: volteji ikakwera kawiri, mawati amakwera pafupifupi kanayi. Ndiye ma megahertz omalizira, amene amafuna volteji yambiri, ndiwo odula kwambiri. Undervolting, kutsitsa volteji pang'ono liwiro n'kukhala pafupifupi pomwepo, imachitika ndi MSI Afterburner pa khadi, kapena Curve Optimizer pa Ryzen. Tsitsani pang'onopang'ono, mukuyesa gemu pa sitepe iliyonse, ndipo ikayamba kudzitsekera bwererani pamene inali yokhazikika. Eco Mode ya AMD ndi power limit ya khadi zimachita zofanana mosavuta. Chophweka kuposa zonse ndi kuika malire a mafelemu. Ngati sikirini yanu ndi ya 60 Hz, khadi lopanga mafelemu 200 pa sekondi likuwotcha magetsi kujambula zithunzi zambiri zimene sikiriniyo siingazionetse zathunthu. Osewera magemu ampikisano amafuna mafelemu ochuluka kuti kompyuta iziyankha msanga, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Koma pa gemu yoyenda ndi nkhani, malire a 60 kapena ofanana ndi sikirini yanu amatsitsa mawati, madigiri ndi phokoso nthawi imodzi, ndipo amaikidwa mu gemu momwemo kapena mu pulogalamu ya NVIDIA kapena ya AMD.